Floppy inatha, makina adakalipo

Kampani ya Sony inasiya kupanga madiski a floppy mu 2011. Anthu ambiri anali atawaiwala kale, moti nkhaniyo sinadzidzimutse munthu. Koma makina amene ankadalira madiski amenewo adakalipo, ndipo akugwirabe ntchito. Mukazungulira m'malokeshoni a ku Cape Town, ku Gugulethu, ku Nyanga kapena ku Philippi, mudzawapeza: kiyibodi ya Yamaha kapena Korg imene mpingo unagula kwa munthu, ikuimbira kwaya m'kalasi ya sukulu Lamulungu masana; makina opeta mabaji a yunifolomu m'galaja ya telala; kompyuta yotuwa imene ntchito yake ndi imodzi basi, kuuza makina odula zomata za pa minibasi kuti adule pati. Mota ikuzungulira bwinobwino, singano ikubaya, mawu akutuluka ngati kale. Chafa ndi polowetsera nyimbo kapena patani.

Ndiye makina a 1995, kapenanso a 1983, angawerenge bwanji fulashi kapena memori khadi ya masiku ano? Nanga ukafuna kuti alankhulane ndi laputopu kudzera pa waya, chimafunika n'chiyani? Mayankho ambiri amene amisiri akugwiritsa ntchito lero sanachokere ku makampani amene anapanga makinawo. Anachokera kwa anthu okonda makompyuta akale a m'nyumba, a ZX Spectrum, Commodore 64, Atari ndi Amiga, amene amachezera usiku kuwotcherera timawaya kuti masewero a paubwana wawo aonekenso pa kanema.

Ife ubwana umenewo tinalibe. Spectrum ndi Commodore 64 zinatuluka mu 1982, ndipo zonse ziwiri zinkalumikizidwa ku wailesi ya kanema kuti uone zimene ukulemba. Ku Malawi kunalibe nyumba youlutsira zithunzi mpaka TVM itayamba mu 1999. Ku South Africa kanema anayamba mu 1976, ndipo makompyutawa anafikadi, koma ambiri anafikira m'nyumba za azungu. Mu 1984 magazini ina inasindikiza kasewero ka Blastar ka mnyamata wa ku Pretoria, Elon Musk. Patangopita zaka ziwiri, pa 3 Marichi 1986, apolisi anapha anyamata 7 pafupi ndi msewu wa NY1 ku Gugulethu. Dziko ndi lomwelo, zaka ndi zomwezo, koma mwana wa m'lokeshoni anali ndi zina zolimbana nazo, ndipo nyumba zambiri za anthu akuda zinalibe ngakhale magetsi. Makompyuta analowa kuno mochedwa, atatumikira kale ena. Luvuyo Rani, mphunzitsi wa ku Khayelitsha amene anayambitsa Silulo Ulutho Technologies, anayamba mu 2004 ndi kugulitsa makompyuta okonzedwanso kuchokera m'buti ya galimoto. Kuyambira kale ife timalandira makina atakalamba, ndipo n'chifukwa chake luso limene kwa anzathu a ku Ulaya ndi lotayitsira nthawi, kuno ndi lopezera ndiwo.

Tiyambe ndi posungira. Kompyuta ya m'nyumba ya nthawi imeneyo inkasunga mapulogalamu pa kaseti wamba, yomwe ija ya nyimbo. Kuti sewero lalikulu lilowe mu Spectrum pankapita mphindi 4 kapena 5 kaseti ikulira molasa m'makutu, ndipo voliyumu ikangochepa pang'ono umayambiranso. Lero kakhadi kamodzi ka SD kakhoza kunyamula mapulogalamu masauzandemasauzande a makinawo, malo n'kutsala. Malo si vuto. Chovuta n'chakuti malamulo amene anaikidwa mu ROM ya makinawo ku fakitale analembedwa khadilo kusanabwere, choncho makinawo sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli chinthu chotere.

Njira yofewa inali ya CompactFlash, khadi lokulirapo limene SanDisk inatulutsa mu 1994, lija la m'makamera akale. Khadi limeneli limatha kudzionetsa ngati hard disk ya mtundu wa IDE popanda chanzeru chilichonse pakati. Umangofuna kabolodi kolumikiza mapini. Limalola mavoti 5, mphamvu yomwe makina akale amayendera, ndipo ukhoza kulilamula kuti lizitumiza ma bit 8 nthawi imodzi m'malo mwa 16, zimene zimagwirizana ndendende ndi purosesa ya Z80 kapena 6502. Tsoka lake, makhadi amenewa akusowa. Amene apezeka paliponse, ngakhale m'tisitolo ta mafoni pa Gugulethu Square, ndi a SD, ndipo a SD ndi amakani.

Poyamba, amafuna mavoti 3.3. Ukawapatsa 5 mwachindunji ukhoza kuwawotcha, ndiye pamafunika kachipangizo kotsitsa mphamvu pa waya aliyense wopita ku khadi. Kachiwiri, makina akale amalankhula nawo mwa njira yotchedwa SPI, ya mawaya anayi, bit imodziimodzi. Apa ndi pamene pamalowa driver, kapulogalamu kamene kamaima pakati pa makina ndi chipangizo n'kumamasulira zofuna za uyu m'chinenero cha uyo. Khadi likangolandira magetsi silimva kanthu. Driver imayenera kuligogoda kaye pang'onopang'ono, kugunda kosachepera ka 74, ndipo liwiro lisapitirire kugunda 400,000 pa sekondi. Kenako imalitumizira lamulo la CMD0 loti liyambe kumvera mwa SPI, n'kulifunsa ndi CMD8 ngati ndi la mtundu watsopano, n'kumabwerezabwereza ACMD41 mpaka liyankhe kuti lakonzeka. Pamenepo pali msampha umene wagwetsa ambiri. Makhadi akale a 2GB kutsika m'munsi amawerenga malo potchula byte, pamene atsopano amawerenga potchula chigawo cha ma byte 512. Driver ikasokoneza ziwirizi sidandaula ayi. Imalemba bwinobwino, koma pamalo olakwika, pamwamba pa zinthu zina.

Chigawo cha ma byte 512 chimenecho kwa ife si kanthu, koma ZX81 ya 1981 inkabwera ndi memori ya 1KB yokha, ndiye kuti chigawo chimodzi chikadadya theka lake. Ndipo kuti khadilo liziwerengekanso pa laputopu, liyenera kusanjidwa mwa dongosolo la FAT, limene limasunga fayilo m'zidutswa zomwazikana, chilichonse chikuloza kumene kuli chinzake. Kutsata mndandanda umenewo kumafuna masamu a manambala aatali, pa purosesa imene ilibe n'komwe lamulo lochulukitsa kapena kugawa. Pamenepa amisiri anagawanika pawiri. Ena amati makina akalewo azidzichitira okha ntchito yonse, angowonjezeredwa memori ndi ROM pa kabolodi katsopano. Ena amaika pa kabolodiko kapurosesa kamakono, kamene nthawi zambiri kamaposa kompyuta imene kakuitumikira, kuti kazisenza zolemetsazo. A gulu loyamba amati a gulu lachiwiri akubera. Mkangano umenewu telala wa ku Gugulethu sungamukhudze. Iye akufuna baji ya sukulu ituluke Lolemba lisanafike.

Chosangalatsa kwambiri pa ntchito yonseyi ndi mmene amapusitsira makina kuti asazindikire kuti china chasintha. Kampani ya Sinclair inachita zimenezi yokha mu 1983, itatulutsa Interface 1, chipangizo chimene chinabweretsa Microdrive, kachipangizo kosungirapo mapulogalamu, ndi serial port ku Spectrum. ROM ya Spectrum sinkadziwa malamulo atsopano a Microdrive, choncho munthu akawalemba, makinawo ankawaona ngati kulakwitsa n'kuthamangira pa adiresi 8, pamene pamayambira malamulo osamalira zolakwika. Interface 1 inkangodikira pamenepo. Purosesa ikangoponda pa adiresi imeneyo, chipangizocho chinkabisa ROM yeniyeni, n'kuika yake pamalopo, n'kuona ngati cholakwikacho ndi lamulo lake, n'kuligwira, kenako n'kubwezeretsa zonse mwakale. Patapita zaka pafupifupi 20, Pavel Cimbal wa ku Czech Republic anatenga nzeru yomweyo popanga divIDE, ndipo pambuyo pake Mario Prato wa ku Italy anapanga divMMC ya makhadi a SD. Zimenezi zimadikiranso pamene ROM imayambira kuwerenga kaseti. Sewero limayesa kuti likumvetsera tepi, chonsecho zinthu zikuchokera pa khadi m'kanthawi kochepa.

Kwa Commodore 64 nkhani inavuta mwa mtundu wina, ndipo ili ndi phunziro kwa aliyense wogula chipangizo cholowa m'malo mwa china. Drive yake ya madiski, 1541, inali kompyuta payokha, yokhala ndi purosesa yake ya 6502 ndi memori yake. Inalinso yochedwa mochititsa manyazi, ma byte 300 kapena 400 pa sekondi, chifukwa cha vuto la kachipangizo kena ka 6522 limene linayambira pa kompyuta yawo yam'mbuyomo ya VIC-20, kampani n'kulizemba m'malo molikonza. Olemba masewero anatopa nazo, n'kuyamba kutumiza timapulogalamu tawo mkati mwa drive kuti izitumiza zinthu mwachangu. Tsopano chipangizo chotchipa cha SD2IEC, chimene pulogalamu yake analemba Ingo Korb, chimalankhula chinenero cha 1541 koma mkati mwake mulibe 6502. Sewero likachitumizira kapulogalamu kothamangitsa, icho chimangoyang'ana ngati n'kamene chikukadziwa kale. Kakakhala kachilendo, sewerolo limaima pomwepo. Zipangizo monga 1541 Ultimate ya Gideon Zweijtzer ndi Pi1541 ya Steve White zimatsanzira drive yonse, purosesa ndi zonse, motero zimalandira pafupifupi chilichonse, koma zimafuna zida zamphamvu. Kutsanzira chinenero n'kotchipa, kutsanzira makina enieniwo n'kodula, ndipo wogula ayenera kudziwa kuti makina ake akufuna kutsanzira kwa mtundu uti asanatulutse marandi ake.

Pa makiyibodi ndi makina opeta, mwayi ndi wakuti drive ya floppy ilibe nzeru zotere. Imangozunguza diski, kusuntha mutu wowerengera ndi kutumiza zimene yawerenga. Cholowa m'malo mwake chimene chafala ndi Gotek, kabokosi kochokera ku China, kofanana kukula ndi drive yakale, kutsogolo kuli polowetsa fulashi, mabatani awiri ndi kagalasi ka manambala atatu. Nambala iliyonse ndi diski imodzi. Pulogalamu imene kamabwera nayo n'njovuta, chifukwa imafuna fulashi yosanjidwa mwapadera. Anthu a Amiga ndi Atari ndi amene anakakonza: Jean-François Del Nero ndi HxC, kenako Keir Fraser ndi FlashFloppy, yaulere, imene imalola kuti diski iliyonse ikhale fayilo wamba pa fulashi.

Mmisiri wina wa kwathu ku Mangochi, amene amakonza mawailesi ndi mafoni m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ina ku Gugulethu, anabweretseredwa kiyibodi yotere ndi mayi wotsogolera kwaya. Madiski anali m'chigoba cha majarini, ena atachita nkhungu ndi chinyezi cha m'miyezi ya mvula ya ku Cape Town.

"Achimwene, masitayilo athu onse ali m'timadiski timeneti. Akatayika, Lamulungu tikaimba pakamwa."

"Musade nkhawa, mayi. Koma sindimasula sikuluwu ngakhale imodzi ndisanakopere zimene zili umu. Drive yanuyi ikuwerengabe pang'ono, ndiye tiyambe ndi pamenepo."

Anachita bwino, chifukwa Gotek sibweza chimene chafufutika. Atatsegula kiyibodiyo anayamba wayang'ana lamba wa mawaya wopita ku drive. Wa pa kompyuta amakhala ndi mawaya 34, mmodzi wa m'mphepete ali wofiira posonyeza pini yoyamba, koma makiyibodi ena amagwiritsa ntchito kalamba kopyapyala ka mawaya ochepa, kofuna kabolodi kosinthira. Lamba ukamutembenuza, getsi la drive limangoyaka osazima. Pulagi ya magetsi ukailakwitsa, mavoti 12 amalowa pa 5, fungo n'kumveka. Atalumikiza zonse, kiyibodiyo inakana, ikuti mulibe diski. Chifukwa chake chinali pini 34. Pa kompyuta pini imeneyi imanena kuti diski yasinthidwa, pamene makina ambiri oimbira ndi opeta amadikira kuti pini yomweyo inene kuti drive yakonzeka. Panalinso kajampa kosankha kuti drive iziyankha ngati yoyamba kapena yachiwiri, ndi funso lakuti madiskiwo ndi a 720KB kapena a 1.44MB. Atasintha mzere umodzi m'kafayilo ka malangizo n'kusuntha kajampako, kagalasi kanaonetsa 001, ng'oma za chitsitsimutso n'kuyamba kulira, ana a pabwalo n'kuthamangira pakhomo.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi waya. Serial port, kabowo ka mapini 9 kapena 25 kamene kanatha pa malaputopu, n'njakale kuposa makompyuta onsewa. Lamulo lake la RS-232 ndi la cha m'ma 1960. Koma mpaka pano imapezeka pa makina odula zomata, masikelo a m'mabutchala, tosindikizira malisiti ndi ma inverter a sola. Maganizo ake ndi ophweka. Waya mmodzi wotumiza, wina wolandira, wina wa pansi. Palibe waya wa wotchi, ndiye mbali ziwirizo zimagwirizana kaye liwiro. Pa liwiro la 9600, chilembo chilichonse chimayenda ndi ma bit 10: imodzi yochenjeza kuti ndayamba, 8 za uthenga, imodzi yotsekera. Ndiye kuti zilembo 960 pa sekondi, ndipo diski ya 720KB imatha pafupifupi mphindi 13. Mphamvu za magetsi nazo n'zosiyana ndi za mkati mwa makina: RS-232 imasonyeza 1 ndi mavoti a pansi pa ziro, kuyambira -3 mpaka -15, choncho pakati pamakhala kachipangizo monga MAX232. Ndipo makompyuta awiri akamalumikizana, pini 2 ndi pini 3 ziyenera kupingasana, apo ayi onse akulankhulira pa waya mmodzi popanda womvetsera.

Kulemba driver ya serial n'kulimbana ndi nthawi. Makina otchipa monga Spectrum ndi Commodore 64 analibe kachipangizo ka UART kowerengera ma bit, ndiye purosesa inkachita yokha, kukweza ndi kutsitsa waya pa nthawi yake. Z80 ya mu Spectrum imagunda ka 3,500,000 pa sekondi. Pa 9600, bit imodzi imatenga kugunda pafupifupi 365, kokwanira malamulo angapo. Pa 115,200 imatenga 30 kokha, ndipo wolemba driver amakhala ndi pensulo kuwerenga mtengo wa lamulo lililonse, chifukwa akachedwa pang'ono pa bit iliyonse, pofika yachisanu ndi chitatu akuwerenga ya mnzake. Pa Commodore 64 malamulo a mu ROM ankayenda bwino mpaka 1200, pa 2400 n'kuyamba kuphonya, mpaka anthu analemba awoawo.

Pamene UART ilipo, vuto limasamukira kwina. Chilembo chikafika, kachipangizoko kamaitana purosesa kuti isiye zimene ikuchita idzachitenge. UART yakale ya 8250 inkasunga chilembo chimodzi chokha. Purosesa ikachedwa, chotsatira chinkachipondereza. Ya 16550 inabwera ndi malo a zilembo 16, ndipo zinthu zinapepuka. Driver yabwino imatola chilembocho msanga n'kuchiika pa buffer, malo odikirira mu memori, pulogalamu yaikulu n'kumatengapo ikapeza mpata. Nanga buffer ikadzaza? Amene anapitapo ku chigayo akudziwa: wothira chimanga sayang'ana thumba lake, amayang'ana dzanja la woyendetsa, ndipo dzanja likakwera amaleka kuthira, apo ayi chigayo chitsamwa. Pa serial dzanja limenelo ndi mawaya a RTS ndi CTS, kapena zilembo ziwiri zapadera, XOFF yoimitsa ndi XON yoyambitsanso. Njira ya zilemboyi n'njoopsa potumiza patani kapena pulogalamu, chifukwa nambala 19 ndi 17, zimene ndi XOFF ndi XON, zikhoza kupezeka mkati mwa fayiloyo, makina n'kuima osadziwa chowaimitsa. Patani ikamaduka pakati nthawi zonse pamalo omwewo, yambani mwafufuza pamenepa musanaimbe mlandu makina.

Pali malo amene posungira ndi waya zimakanganirana purosesa imodzi. Makina akale ambiri akamalemba pa diski amatseka makutu, salola kuitanidwa ndi china chilichonse, popeza kulembako nakonso kumafuna nthawi yeniyeni. Zilembo zofika pa waya nthawi imeneyo zimatayika. Ward Christensen anathana nazo mu 1977 ndi XMODEM: tumiza ma byte 128 pamodzi ndi nambala yotsimikizira, kenako khala chete. Wolandira amawerengetsa, n'kulemba pa diski mosathamanga, kenako n'kuyankha kuti bweretsa ena kapena bwereza. N'njochedwa, koma n'njaing'ono moti imakwana paliponse, ndipo mpaka lero mainjiniya amaigwiritsa ntchito podzutsa zipangizo za intaneti zimene pulogalamu yake yawonongeka.

Mbali ya laputopu nayo ili ndi zake. Timawaya totchipa tosintha USB kukhala serial nthawi zambiri timakhala ndi tchipi chachinyengo. Mu 2014 kampani ya FTDI inatulutsa driver kudzera pa Windows Update imene inkalemaza matchipi otsanzira ake, anthu n'kudandaula mpaka inachotsedwa. Ma driver atsopano a Prolific nawo amakana matchipi achinyengo. Ndiye waya akhoza kugwira pa laputopu iyi n'kukana pa iyo, wosalakwa n'kukhala makina akale aja.

Waya akayenda bwino, pamabwera ganizo lina: bwanji posungira pasakhale m'makinamo n'komwe? Mu 1989 Nick Kennedy anapanga SIO2PC, imene inachititsa Atari kuyesa kuti ikulankhula ndi drive yake, chonsecho ikulankhula ndi kompyuta ina. ADTPro ya Apple II imafika patali: makina opanda diski ngakhale imodzi amauzidwa kuti amvetsere serial ngati kuti ndi munthu akutayipa, laputopu n'kuwatayipira pulogalamu yonse yoyambira. Ganizo lomweli, pa mawaya a netiweki, ndi limene bungwe la Shuttleworth Foundation linagwiritsa ntchito pa tuXlabs m'sukulu za ku Western Cape chaka cha 2000 chitadutsa. Makompyuta okonzedwanso ankadzuka kuchokera pa seva imodzi ya Linux, osadalira hard disk yawoyawo, imene pa makina akale ndi imodzi mwa zoyamba kufa.

Kwathu kuno palinso mdani amene anzathu a ku Ulaya samuganizira kwambiri, kuzimazima kwa magetsi. Mu 2023 ku South Africa magetsi ankazima maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse, ndipo a ku Malawi safuna kuuzidwa. Magetsi akathima khadi likulemba, sikuti fayilo imodzi yokha ndiyo imawonongeka. Mndandanda wa FAT ukaduka pakati, khadi lonse likhoza kusokonekera. Driver yolembedwa mosamala imalemba kaye zinthuzo, mndandanda pambuyo, ndipo sisunga zosalembedwa mu memori nthawi yaitali. Mwini makina naye akhale ndi fulashi yachiwiri m'kabati. Agulenso yaing'ono, chifukwa makhadi opitirira 32GB amabwera atasanjidwa mwa exFAT, imene zipangizo zambiri zotere siziwerenga.

Chitsanzo chachikulu cha luso limeneli pakati pa Amalawi chinachitika ku Lilongwe, ndipo sichinali cha masewero. Kumapeto kwa 1999 kampani ya Netpliance ya ku Austin, Texas, inayamba kugulitsa i-Opener, kakompyuta ka m'nyumba kongolowera pa intaneti. Mtengo wake unafika pa madola 99, pansi pa ndalama zopangira, poganiza kuti adzabweza pa malipiro a mwezi ndi mwezi. Mkati munalibe hard disk, munali kamemori ka 16MB kokhala ndi pulogalamu ya QNX. Kuchiyambi kwa 2000 Ken Segler wa ku Las Vegas anakatsegula n'kupeza kuti pa bolodi pali polumikizira hard disk ya laputopu, pa mapini 44, kungoti mizere yake iwiri inatembenuzidwa. Anapanga lamba wotembenuza, n'kuikamo hard disk, kachipangizoko n'kukhala kompyuta yeniyeni. Anthu anagula mwaunyinji osalipira za mwezi. Kampaniyo inayesa kudula mapini ndi kuthira guluu wolimba pa tchipi cha BIOS, koma sizinathandize, ndipo posakhalitsa inasiya malondawo.

Makina otayidwa amenewa ndi amene Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anabweretsa ku Malawi. Mu 2001 anayamba kugwira ntchito ku wodi ya ana pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central Hospital. Soyapi Mumba, mmodzi wa akatswiri a Baobab, anafotokoza pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha mu 2017 kuti anawonjezera galasi lomva chala pa masikirini ake, n'kusintha magetsi ake kuti aziyendera mabatire otchajidwa. Kalaliki kapena namwino amene sanagwirepo kompyuta ankangodina ndi chala, kachipangizo n'kusindikiza chomata cha timizere chopita m'buku la kuchipatala la wodwala. Pofika 2006 dongosolo limeneli linayamba kusamalira kaundula wa anthu olandira ma ARV pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Ntchito yake inali yomweyi takhala tikukambayi: kupeza pamene makina anasiya khomo, kulumikizapo chipangizo chimene opanga sanachiganizire, ndi kulemba kapulogalamu koti ziwirizo zimvane.

Zonsezi zinatheka chifukwa khomolo linalipo. Spectrum inkabwera ndi buku lofotokoza mapini a kumbuyo kwake, buku la akatswiri la Commodore 64 linali ndi chithunzi cha mawaya onse a mkati, drive ya floppy inali pa lamba wozuka, ndipo ngakhale i-Opener, imene eni ake sankafuna kuti itsegulidwe, inasiya mapini 44 poyera. Katundu wogwiritsidwa kale ntchito amene akufika m'manja mwa amisiri a ku Gugulethu ndi a mu msika wa Lilongwe masiku ano ndi wina. Matabuleti, mafoni ndi malaputopu otchipa ali ndi memori ya eMMC yowotchereredwa pa bolodi, ndipo ambiri amakana kudzuka ndi pulogalamu imene kampani sinaisainire. Memori imeneyo imatha ndi kulembedwalembedwa. Kuichotsa kumafuna mpweya wotentha, galasi lokuza ndi dzanja losanjenjemera, ndipo ngakhale uichotse bwino, pa zipangizo zina yatsopanoyo sigwira popanda makiyi amene ali ku kampani. Kiyibodi ya 1998 ili ndi Gotek yoiyembekeza. Tabuleti ya 2018 imene memori yake yatha nthawi zambiri imangochotsedwa batire ndi sikirini, zotsalazo n'kupita m'katoni ya pansi pa tebulo.